Kamakina ka pa njinga ya Austin

Lachiwiri m'mawa, cha m'ma 9 koloko, Austin wakabaza ananyamula munthu pa boda ya Mchinji n'kulowera njira ya ku Kachebere. Sanabwerenso. Njinga yamoto osaoneka, mtembo osaoneka. Milungu itatu inatha abale osadziwa kuti alire kapena adikire.

Mkulu wake Vitus, wowotcherera zitsulo pa boma, tulo tinamuthawa. Ndi iye anamangirira panjingapo kamakina kolozera njira, ka GPS, komwe Austin anagula kwa dalaivala wa thiraki. Kanali ka m'galimoto, komata pagalasi, ndipo pa bampu yoyamba kanagwa. Vitus anakapangira kakhola kachitsulo pa handulo, nayala mphira wa chubu kuti kasamagwedezeke, n'kuwotcherera manati kuti pasapezeke wokamasula. Tsopano mtima unkamutsutsa kuti kunyezimira kwa kamakinako n'kumene kunaitana achifwamba.

Lachisanu masana kunabwera bambo wina wa jekete lachikopa, akukankha njinga ya penti yakuda yosauma bwino. Pa handulo anali atakulungapo nsanza.

"Amisiri, ndidulireni ichi. Sowo yakanika."

Vitus anavundukula nsanzayo, n'kuona kakhola kaja. Unali msoko wake womwe, mpaka pomwe ndodo yowotcherera inamuthera n'kulumikiza ina.

"Kabwinobwino aka, mukadule bwanji?"

"Kamalankhula," anatero mlendoyo motsitsa mawu. Maso ake anali psuu. "Ndikangoliza injini, mzimayi wa m'menemo amati ndibwerere. Tsiku ndi tsiku, ndibwerere. Sindikugona ine."

Vitus anadziwa chifukwa chake. Mng'ono wake anakatchera kuti kazimulozera njira ya kunyumba, ndipo kanali kasanaleke.

"Magetsi angozima kumene, achimwene. Khalani pabenchipo, abwera pompano."

Anazungulira kuseri, nawathimitsa yekha, n'kuimbira Sajenti Wezzie Kamanga wa kupolisi. Kenaka anabwerera kudzakhala benchi imodzi ndi munthuyo, kucheza za mitengo ya fodya, hamala ili pafupi ndi phazi lake. Mphindi makumi awiri zimenezo sadzaziiwala.

Apolisi atafika, bamboyo anati dzina lake ndi Joe, ndipo njingayo anagula ku Chipata.

Sajenti analiza injini. Kamakinako kanali kakusunga njira zonse zomwe njinga inayenda. Mzere wa Lachiwiri lija unachoka pa boda, n'kukhotera kudambo lina kuseri kwa Kachebere, n'kuimako ola lathunthu. Kuchoka apo unalunjika ku Mlonyeni. Ku Chipata sunapondeko.

"Ku Mlonyeni kuno ndi kwa ndani?" anafunsa Sajenti, akuloza pa kamakinako.

Joe anawerama. "Kwathu, bwana."

Unyolo unalira m'manja mwake.

Cha m'ma 3 koloko anali atafika kudamboko. Joe analoza ndi chibwano chitsime chakale cha m'dimba, chovundikira ndi mapesi. Wapolisi wina anayamba kumasula chingwe cha ngowe.

Vitus anavula nsapato.

"Musamukoke ndi chimenecho. Ndimunyamula ndekha."