Mlatho Umene Unakana Kukumana Pakati

Mbali ziwiri za mlatho zinafika pakati, koma mabowo ake anakana kukumana. Wassila anakankha mbali yake mpaka zala kuyera. Lotfi anakoka yake ataluma mlomo. Bowo la uyu linangosuzumira bowo la uyo, ndipo bawuti sinalowe. Chionetsero cha sukulu cha pa Tsiku la Maphunziro chinali mawa lake m'mawa.

"Yakoyo ndiyo yapindika," anatero Wassila.

"Yanga? Taiyang'ana bwino, yawongoka ngati lula. Yako ndiyo yayang'ana kumwamba ngati ikupempha mvula."

"Ukanatsata muyeso wanga si bwenzi tili pano."

"Muyeso wako uti? Iwe ndiwe mwana wa bambo ako ndithu."

"Nawenso ndiwe mwana wa bambo ako."

Apo pokha onse awiri ananena zoona. Bambo a Wassila, a Hocine, ndi bambo a Lotfi, a Mourad, anali a bere limodzi koma sankamwerana madzi. Bambo wa amuna awiriwa atamwalira, iwo anakangana pogawana katundu, ndipo poopa kudyerana masuku pamutu anagawa chilichonse pakati: mbale, makapeti, makapu a khofi, ngakhale zoseweretsa za paubwana wawo. M'nyumbamo munali bokosi lakale la tizitsulo tomangira, tofiira ndi tobiriwira, tokhala ndi mabowo ondondozana. A Hocine anatenga tizitsulo tonse, njanji ndi sikuludiraiva. A Mourad anatenga chitini cha mabawuti ndi manati, kasipanala, ndi kasitima kopukusa ndi kiyi. Aliyense anapita kwawo akudziguguda pachifuwa kuti sanaberedwe, ndipo kuyambira tsikulo palibe anamangapo kanthu. Makani ndawaona ambiri kwathu kuno ku Constantine, koma a anthu awiriwa ankandiseketsa n'kumandimvetsanso chisoni. Mumzinda wodzaza ndi milatho, wina ankakhala tsidya lino la chigwa, wina tsidya lija, osawolokerana ngakhale pa Idi.

Wassila anali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wamanja osakhazikika. Anzake powoloka mlatho wa Sidi M'Cid ankasuzumira kuphompho n'kumaopsezana, iye maso ali pa zingwe ndi pa nsanamira, kufuna kudziwa chimene chanyamula chinzake. Tsiku limene anapeza bokosi lija pamwamba pa kabati, anapita kwa aphunzitsi ake a sayansi, Mayi Zerrouki, n'kuwalonjeza mlatho wa njanji wochoka pa desiki ina kufika pa ina, sitima n'kuwolokapo. Aphunzitsi anakondwa ndipo anamusungira malo a pakati penipeni pa holo.

Atakhuthula bokosilo m'pamene anaona kuti mulibe bawuti ndi imodzi yomwe. Anayesa kumanga ndi waya, zonse zinangogwera pambali. Anameza malovu n'kukapeza Lotfi, yemwe ankaphunzira pasukulu yomweyo m'kalasi ina.

"Chitini ndibwera nacho, kasitimanso," anatero Lotfi, "koma mbali yanga ndimanga ndekha. Sindifuna wondilamula."

Anagawana tizitsulo pakati, mabawuti pakati, ndipo aliyense anayambira pa desiki yake. Magazi sanama.

Komabe ntchito ya anawo inali yokongola, ndipo sindikukokomeza. Wassila anazindikira yekha kuti tizitsulo tinayi tikalumikizidwa timapendekeka ukangotikhudza, koma ukaika kena kopingasa kuti papangike makona atatu, timaima nji. Anadzaza mbali yake ndi makona atatu okhaokha, ofanana ngati anachita kudinda. Lotfi anaonera chapatali, anakana kuti sakutengera, kenako anatengera, n'kuwonjezera timipanda ta m'mbali mwa njanji timene ngakhale Wassila anatisirira chamumtima. Aliyense akaika bawuti ankaimanga mpaka kulira, kuti mnzake asadzanene kuti mbali yake ndi yogwedera.

Ndiye tsopano anali atagwira njakata. Mayi Zerrouki anabwera, anawerama, n'kuyang'ana mpata uja kwa kanthawi.

"Ntchito mwaigwira, ana anga," anatero. "Koma sindingayendetse sitima pa mlatho wosakumana makolo akuona. Belu likalira mawa usanalumikizike, malowa ndiikapo anyamata oonetsa zomera."

Wassila anafika kunyumba madzulo mtima uli zii. Amayi ake, a Zoubida, anali pa ntchito yawo yosoka, atayala pa tebulo diresi ya mkwatibwi ya nsalu yofiirira. Mtsikanayo ananyema kesra, buledi wathu wophwatalala uja, n'kuima pambali pawo akutafuna mopanda chilakolako. Maso ake anagwera pa mkono wa diresiyo, umene unali wongokolekedwa ndi ulusi woyera wotalikirana.

"Amayi, bwanji mwasoka mwaulesi chonchi? Mkonowu ukuchita kugwedera."

"Ulesi uli ndi iwe amene sunatsuke mbale," anayankha a Zoubida osadzutsa mutu. "Ndikaulimbitsa lero, ndidziwa bwanji kuti ukhalana ndi phewa? Umayamba wagwirizitsa zonse mopepuka. Mwini wake akayesa, zonse zikakhalana, m'pamene umalimbitsa."

Wassila anasiya kutafuna. Anakhala chiimire, buledi ali m'manja, mpaka amayi ake anamufunsa ngati wadwala.

M'mawa anafika m'holo makolo atayamba kale kulowa. Sanapereke moni kwa aliyense. Anatulutsa sikuludiraiva n'kuyamba kumasula mabawuti a mbali yake, imodzi ndi imodzi, osaichotsa koma kungoifewetsa.

"Wapenga?" anafunsa Lotfi. "Ukugumula ntchito yonse ija anthu akuona?"

"Sindikugumula. Ndikumasula pang'ono kuti izitha kusuntha."

"Masula yakoyo. Yangayi usaigwire."

Wassila anapitiriza kumasula. Zinkamupweteka, chifukwa mbali imene dzulo inaima ngati msilikali tsopano inayamba kulendewera ndi kugwedezeka. Anyamata a zomera, atanyamula kale miphika yawo, ankagwirana m'mapewa n'kumaseka. Wina anafunsa mokweza ngati sitimayo imadziwa kuuluka. Makutu a Wassila anatentha, koma manja ake sanaime mpaka pa bawuti yomaliza. Kenako anagwira nsonga ya mbali yake n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Bowo lake linayandikira la Lotfi, linayandikirabe, n'kuima patatsala kampata kochepa ngati chikhadabo.

Sanamupemphe Lotfi kanthu. Anangogwira pomwepo akuyang'ana kampata kaja.

Lotfi anayang'ana kampatako, anayang'ana mbali yake yowongoka ija, n'kuusa moyo. "Ukauza anthu kuti ndakumvera, ndidzakana," anatero, akupisa m'thumba kutulutsa kasipanala.

Atamasula manati a mbali yake, mlatho wonse unakhala ngati wapuma. Mabowo anayang'anizana bwinobwino, ndipo bawuti ya pakati inalowa yokha popanda woikakamiza.

Koma ntchito inali isanathe. Mlatho unali wolumikizika koma wolobodoka, ndipo pankafunika anthu ougwira kuti ukhale wowongoka pamene mabawuti akumangidwanso. Wassila anadzutsa mutu kufunafuna wothandiza. Kukhomo la kumanzere kunali a Hocine atavala jekete lawo lopitira ku mzikiti Lachisanu. Pafupi ndi zenera la kumanja panali a Mourad atapinda manja. Aliyense anaitanidwa ndi mwana wake, ndipo onse awiri anali atazindikira kale tizitsulo tofiira tija. Ankayesetsa kuyang'ana kulikonse kupatula kwa mnzake.

"Baba," anaitana Wassila, "tagwirani apa. Musakweze, musatsitse."

"Baba, inu uku," anatero Lotfi.

Munthu wamkulu angakane bwanji mwana wake pamaso pa holo yonse? Anabwera akukoka miyendo, uyu ku desiki iyi, uyo ku desiki iyo, ndipo mlatho unakhala pakati pawo. Anawo anayambira pa bawuti ya pakati kumka kunja, mitu itagundana, Lotfi atagwira nati ndi kasipanala, Wassila akupotokola ndi sikuludiraiva. Sankalankhulana, koma wina akasuntha mnzake anali atasuntha kale. Anyamata a zomera anasiya kuseka, ndipo mmodzi anatula mphika wake pansi kuti aone bwino. Mayi Zerrouki anayang'ana wotchi yawo, kenako anaika dzanjalo kumbuyo.

Belu linalira Wassila akuyala njanji yomaliza.

A Mourad anatenga kasitima osapemphedwa. Anakapukusa ndi kiyi mwa munthu wodziwa pamene ayenera kulekezera, n'kukaika pa njanji. Kanayamba kulira tiki tiki tiki, kanakwera pa mlatho, kanafika pakati paja anthu onse atagwira mpweya, ndipo mlatho sunagwedezeke mpang'ono pomwe. Kanawoloka n'kukagunda m'chikhatho cha a Hocine. Holo yonse inawomba m'manja. Wassila anabisa nkhope m'mikono, chifukwa misozi inali itamufika.

A Hocine anakatembenuza kasitimako m'manja mwawo kwa nthawi yaitali. "Kakadathamangabe," anatero, ngati akulankhula ndi desiki.

"Ndimakathira mafuta," anayankha a Mourad, ngati akulankhula ndi zenera. Kenako anatambasula dzanja. "Tabwezani kuno, achimwene. Muli ndi chizolowezi chokakamira zinthu inu."

Kukamwa kwa a Hocine kunagwedezeka. Anayesa kukhosomola kuti abise, koma phwete linawapulumuka. Anapukusa kiyi n'kutumiza kasitima tsidya lina.

Chionetsero chitatha, aphunzitsi anauza ana kuti aliyense atenge zake. Lotfi anayang'ana Wassila, kasipanala kali m'manja. "Ndiye timasule tigawane?"

"Amene akhudze bawuti imodzi aona," anatero a Hocine.

Mlathowo unali wautali woti munthu mmodzi sakanaunyamula, ndipo m'takisi sukanalowa. Amuna awiri aja anaunyamula, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kutuluka nawo pachipata cha sukulu akukangana.

"Kwezani mbali yanu, achimwene."

"Tsitsa yakoyo, ndiwe wamtali ngati mzati wa magetsi. Ndipo tikupita nawo kwathu, ndiko kufupi."

A Mourad sanatsutse. Anayenda pang'ono, kenako anatembenuza mutu kuyang'ana mwana wawo.

"Lotfi, thamanga kunyumba ukauze amako abwere kwa achimwene. Atengenso makapu athu a khofi aja. Kumeneko kuli theka lokha."