Diresi Lopita ku Perth

Conrad, wogwira ntchito pa banki ina ku Toronto, anatsimikiza mtima kunamiza bwenzi lake Zelipa kuti akutumizidwa ku Australia kwa milungu iwiri. Zoona zake zinali zakuti ankafuna kukadya Khirisimasi ku Oshawa, tauni yapafupi, ndi mtsikana wina, Christabel. Achinyamata, tcherani khutu.

Bodzalo analikonzekera ngati mayeso. Analoweza kuti likulu la dzikolo ndi Canberra, osati Sydney, kuti mu Disembala kumatentha, ndiponso kuti kumeneko kumayamba kucha kuno kusanade.

Anamuuza Zelipa pa siteji ya basi ku Brampton, kufupi ndi Toronto, pomwe anaonerana koyamba.

"Duwa langa, ndikupita kutali, koma mtima ndikukusiyira."

"Mayo ine!" Zelipa anagwetsa misozi, kenaka maso anawala. "Achemwali anga a Beatrice ali ku Perth! Uwatengereko kanthu."

"Kochepa, eti?"

Chimene Conrad anaiwala n'chakuti Mmalawi sakwera ndege chimanjamanja. Zelipa analengeza kutchalitchi, ndipo pofika Lamlungu katundu anali mulu: nsapato zopita ku Brisbane, Baibulo lopita ku Adelaide, zitenje zopita ku Melbourne. Pamwamba panali diresi limene Zelipa anasoka yekha, la mabatani anayi ofiira ndi limodzi lobiriwira, poti ofiirawo anamuthera.

"Ukawapatse achemwali m'manja, wamva?"

"Ndikangofika ku Sydney ndikadumphira basi," anatero Conrad, osadziwa kuti ku Perth ndi maola asanu pa ndege.

Anakwera sitima ya ku Oshawa ndi masutikesi atatu, thukuta lili kamukamu pakati pa chisanu. Tsiku lililonse ankatumiza uthenga atafunda bulangete.

"Kuno dzuwa likuswa mtengo, switi. Ndaona kangaru, ndakumbukira iwe."

"Ndiye kuti ndikufanana naye?"

"Ayi, umene ukudumpha ndi mtima wangawu."

Tsiku lachisanu Christabel anatsegula sutikesi napeza diresi lija.

"Conrad! Wandigulira ine?"

Akananena chiyani? Bodza limodzi linaitana linzake.

"Ndi lako, mfumukazi yanga."

Masana a Chaka Chatsopano Amalawi ndi anzawo a ku Zambia anali ndi phwando ku Brampton. Conrad sakanapita, pakuti anali ku Australia, choncho ananamizira chimfine. Christabel anapita yekha atavala chikhoti chachitali, ndipo Conrad sanafunse chimene chinali m'kati.

Itakwana 3 koloko foni inalira. Chinali chithunzi: Zelipa ndi Christabel ataima limodzi osamwetulira, chala cha Zelipa chili pa batani lobiriwira la diresi limene Christabel anavala. Pansi pake Zelipa analemba:

"Diresi lafika bwino ku Perth. Koma achemwali asintha nkhope."

Conrad anayankha mwachangu: "Duwa langa, ndifotokoze!"

"Ndinalisoka milungu itatu. Tsiku lija unanyamuka ndinasala kudya kuti ndege yako isagwe. Usandiyimbirenso."

Posakhalitsa uthenga wa Christabel unalowanso: "Ndikamafika ndipeze mwachoka, pamodzi ndi masutikesi anu."

Conrad anataya atsikana onse awiri tsiku limodzi. Lamlungu lotsatira anaima pakhomo la tchalitchi kubweza katundu kwa eni ake mmodzimmodzi, amayi akumufunsa mwaulemu ngati a kangaru anawasiya ali bwino. Mpaka lero palibe mtsikana wa ku Brampton amene amayankha uthenga wake.