Mphaka wa Pabedi la Akwati

"Mwandibera, amayi! Munati mukungobwereka tsiku limodzi. Mwandilanda mphaka wanga anthu akuwomba m'manja!"

Lamduan anayankhula mawuwa ataima pakhomo la khitchini, akadali m'zovala zimene anavala paukwati wa mlamu wake. Apongozi ake, mayi Bunruean, sanatembenuke n'komwe. Anapitiriza kuthira msuzi wotsala m'timatumba.

"Tsitsa mawu, alendo sanachoke onse. Wakubera ndani? Mphakayo ndinakupatsa ndine. Wakhala naye zaka zisanu ndi ziwiri, watibweretsera chiyani? Ubweya pamipando basi."

Kwathu kuno ku Phimai, mphaka wa mtundu wa Si-Sawat, waubweya wotuwa ngati mtambo wa mvula, amaperekedwa kwa akwati kuti nyumba ikhale ndi mwayi ndi ana. Mphaka wa Lamduan, Mek, anabwera choncho, ali kamwana kokwana m'dzanja, ndi chikalata chotchula makolo ake mpaka agogo a agogo. Ana sanabwere. Mimba ziwiri zinapita padera. Masiku amene Lamduan ankalira chogona, mwamuna wake Wirot ali kusitolo yawo ya zitsulo, amene ankakhala naye pamphasa anali Mek.

Tsono Anuchit, mng'ono wake wa Wirot, anakwatira Kanokwan. Pamwambo woyala bedi la akwati pamafunika nkhalamba ziwiri zokhalitsa pabanja, mwala woperera, mphonda yaiwisi, ndi mphaka wamkulu wamphongo, kuti akwatiwo azikonda pakhomo pawo monga mphaka amakondera. Apongozi anapempha Mek. Lamduan anamupesa yekha, n'kumunyamula yekha m'dengu mpaka kunyumba yatsopano ija ya kuseri kwa msika. Mphaka ataikidwa pabedi, mayi Bunruean anakweza mawu pamaso pa abale onse: "Uyu ndi mphatso yanga kwa inu, ana anga. Akhala pano mpaka kalekale." Anthu anasekerera. Lamduan anayang'ana mwamuna wake. Wirot anali kuyang'ana zala za kumapazi kwake.

Atachoka kukhitchini kuja, Lamduan anapeza Wirot m'chipinda akuvula nsapato.

"Inu, munaliko. Munamva. Bwanji simunayankhule?"

"Ukanafuna ndiwachititse manyazi amayi pamaso pa anthu?"

"Nanga ine, manyazi sindikhala nawo?"

"Ndi mphaka chabe, Lamduan. Ndikupezera wina. Tiana ta amphaka tadzaza kukachisi, amonke akusowa kotipereka."

"Nanunso ndinu mwamuna chabe. Amuna adzaza kumsika."

Wirot anatuluka n'kumenyetsa chitseko, kalendala n'kugwa pakhoma. Lamduan anakhala pansi pafupi ndi mbale ya Mek, momwe munali mpunga wa m'mawa, ndipo analira mpaka maso anatupa.

Tsiku lachinayi masana, foni inalira. Anali Kanokwan, mkwatibwi uja.

"Achemwali, bwerani, chonde. Mek sakudya. Chilowereni pansi pa kabati sanatuluke. Ndamugulira chakudya cha m'chitini chodula chija, sananunkhize n'komwe. A Anuchit anayesa kumukoka, wawang'amba dzanja. Ndinafunsa dokotala wa ziweto, akuti mphaka wamkulu akakhala masiku osadya chiwindi chimawonongeka. Achemwali, adzafera m'nyumba mwanga, sabata yoyamba ya ukwati!"

Lamduan anakwera njinga yamoto osavala n'chipewa chomwe. Anaima pamsika, anagula nsomba ziwiri za platu zofutsa, n'kuthamangira kunyumbako. Anagwada pafupi ndi kabati, tsaya lili pasimenti. Kumdima kuja kunali maso awiri obiriwira.

"Mek. Bwana wanga. Mfumu ya ulesi iwe, ukuchita chiyani m'fumbimo?"

Kunamveka kulira kosasa, kwakung'ono. Kenako mphaka anatuluka akukwawa, nthiti zikuoneka, ulusi wa kangaude uli kundevu. Anakwera pamiyendo pake n'kubisa mutu m'khwapa mwake. Akazi awiri aja analira onse.

"Mutengeni," anatero Kanokwan. "Ine sindinapemphe mphaka. Kwathu tinali ndi agalu. Mutengeni pompano amayi asanamve."

Koma m'tauni yaing'ono wogulitsa nsomba amakhala ndi foni. Dengu lisanatsekedwe, galimoto ya kusitolo inaima panja. Anatsika mayi Bunruean, m'manja muli envelopu, Wirot akutsatira pambuyo ngati wonyamula katundu.

"Ikani dengulo pansi. Kanokwan, mwana wanga, amayi ako sanakuuze? Chimene chagona pabedi la ukwati sichibwezedwa. Ukabweza mphakayu wabweza ana ako. Ukufuna ukhale ngati uyu?"

Ananena "uyu" akuloza ndi chibwano. Kanokwan anagwira pamimba pake, nkhope itachita phulusa. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wa masiku anayi pabanja. Anayang'ana Lamduan, anayang'ana apongozi, kenako anachotsa dzanja lake padengu.

"Pepani, achemwali," ananong'ona.

"Amayi," anatero Lamduan, atagwada, manja atawaphatikiza pachifuwa, "ndikukupemphani. Nditukwaneni mmene mungafunire, ndazolowera. Koma uyu ndi wamkulu, sali ngati kamwana koti mungakaike paliponse. Amadziwa dzanja limodzi. Kanokwan timupezere kamwana ka mtundu womwewu, ndikakafuna ndekha ngakhale kumzinda wa Korat."

"Kamwana sikanagone pabedi. Komanso usavutike, nkhaniyi inatha." Anatulutsa chikalata cha Mek m'envelopu muja. "Mwini wake tsopano ndi Anuchit. Wirot anasaina."

Lamduan analandira pepalalo. Dzina la Wirot linali pamenepo, m'malembedwe ake opendekera aja. Anawerenga deti kawiri. Linali la mwezi wathunthu ukwati usanachitike. Tsiku limene iye ankapesa Mek, akuimba, akumuuza kuti akangogwira ntchito tsiku limodzi n'kubwerera kwawo, mwamuna wake anali atakhala pamenepo akumwa khofi, akudziwa zonse.

"Mwezi wathunthu," anatero. "Munkadya mpunga wanga mwezi wathunthu."

Wirot anakanda kumutu. "Amayi anati ukadziwa ukana."

Akanatha kunyamula dengu n'kuthawa. Koma akanapita nalo kuti? Nyumba imene ankagona inali ya apongozi, njinga inali ya kusitolo, pepala linali la Anuchit. Ndipo Mek anali kupuma movutika m'dengumo. Kulimbana kukanatenga masiku, ndipo mphakayo analibe masiku.

Anapukuta misozi ndi mkono.

"Kanokwan, tenga mbale. Osati yachitsuloyo, amadana ndi phokoso lake. Yadothi. Khala pansi apa, pafupi ndi ine."

Anamuonetsa kuchotsa minga ya platu imodziimodzi, kufinya nyama yake ndi zala, kusakaniza ndi mpunga wofunda pang'ono chabe. Anamuuza kuti asamuyang'ane m'maso akamadya, kuti asamunyamule ngati khanda, kuti mabingu akayamba amutsekere m'chipinda n'kukhala naye. Anavula kansalu kamene anali atakulunga m'khosi n'kukakulunga padzanja la Kanokwan, kuti Mek azimva fungo la Lamduan padzanjapo.

Mek anadya m'dzanja la Lamduan. Mawa lake Lamduan anabweranso, mkuja wakenso, tsiku lililonse akukhala patali pang'ono ndi mbale. Ankamuphunzitsa yekha kuti amuiwale. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anaima pakhomo osalowa. Mek ananunkhiza dzanja la Kanokwan nthawi yaitali, anayang'ana kukhomo kamodzi, kenako anaweramitsa mutu n'kudya.

Kanokwan anafuna kumwetulira, koma ataona nkhope ya mnzakeyo analephera.

Madzulo ake patebulo, mayi Bunruean anali osangalala. Anadzithirira msuzi kawiri.

"Sindinanene? Wazolowera. Chilichonse chimazolowera nyumba yatsopano chikaona kuti kwakale kulibe malo. Ngakhale munthu amazolowera." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Wirot, mwana wa anansi athu a Prasong uja wabwerako ku Bangkok. Amadziwa makompyuta. Ndamuuza kuti kuyambira Lolemba azidzakuthandiza kusitolo. Mtsikana wathanzi bwino, kwawo anabadwa asanu ndi mmodzi."

Supuni ya Wirot inaima m'mwamba. Sanafunse kuti mwana wake uti. Sanadabwe. Anangoyang'ana pansi pa tebulo, kumene kunali mapazi ake.

Lamduan anakankha mbale yake. Anaimirira.

"Khala pansi, tikudya," anatero apongozi.

"Sindikuyankhula ndi inu, amayi. Inu mumanena zanu poyera, ndikuthokozani." Anazungulira tebulo n'kukaima pamaso pa mwamuna wake. Misozi inkatsika, koma sanaipukute. "Iwe, Wirot. Dzutsa mutu. Za mphaka unadziwa mwezi wathunthu, ine ndikukuchapira, ndikukuphikira. Tsono ndiuze lero, ndisadzamvere pamaso pa anthu akuwomba m'manja. Za ine unavomera liti? Ndatsala ndi masiku angati m'nyumba muno? Usayang'ane amayi ako, ndiyang'ane ine. Yankha!"