Lamba wa Pachikuku

Mtsikanayo kwawo ankamutcha Changu, chifukwa chilichonse ankachita mothamanga. M'mawa umenewo anali atachedwa kale, koma mayi ake anali chigwadire kumbuyo kwa chikuku, akumanga lamba. Chichitikireni ngozi imene inawapuwalitsa miyendo bambo, tsiku lililonse mayi ankawazunguliza lamba wakale m'chiuno n'kumangirira kuchikukucho, milomo ikugwedera ndi pemphero losamveka. Kenako Changu ankawakankha mpaka pakhonde la sitolo pomwe ankakonzera mawotchi, iye n'kupitirira kusukulu.

Lambayo ankamuchititsa manyazi. Ankaona ngati anzake amaseka kuti bambo ake amamangidwa ngati katundu. Tsikulo anadandaula mokweza kuti msewu ndi womwewo, bambo si mwana, ndipo belu silidikira mfundo. Mayi anakoka mfundoyo kachiwiri, n'kuwakonza bambo kolala.

Pamtsetse wotsikira kumsika, Changu anayamba kuthamanga. Chikuku chomwe chinkalemera pochiyambitsa chija tsopano chinakana kuima. Anakokera kumbuyo ndi mphamvu zake zonse, nsapato zikukhwekhwereza paphula, koma chikukucho n'chimene chinkamukoka iye. Bambo anangomuuza motsitsa mawu kuti asataye zogwirira.

Tayala lakutsogolo linalowa m'dzenje, chikuku n'kuima nji. Kabokosi ka zida kamene kanali pamiyendo pa bambo sikanaime nawo. Kanauluka n'kukatsegukira pakati pa msewu, tizitsulo ta mawotchi mbwee. Bambo nawonso anapita kutsogolo, chipumi chikulunjika paphula. Lamba anakungika, analira, koma anagwira.

Changu anagwada patsogolo pawo n'kumawagwiragwira kumaso. Bambo analibe ngakhale kabala.

"Chikuku chinamva kuti taima, koma thupi langali uthenga unali usanalifike," anatero bambo akupuma wefuwefu. "Amayi ako ndiwo aligwira malaya."

Mayi wina wogulitsa nthochi anatula dengu lake n'kuyamba kutola tizitsuloto, kamodzikamodzi, osafunsa kanthu. Changu anayamba kutola nawo, akuthokoza chamumtima mayiyo ndi Mulungu yemwe.

Kusukulu anafika belu litalira kalekale, ndipo chilango anachilandira osadandaula. Madzulo bambo sanaitchule nkhaniyo. Koma m'mawa mwake mayi atatuluka kuti adzamange lamba, anapeza Changu atagwada kale kumbuyo kwa chikuku. Anakoka mfundo kamodzi, n'kukokanso kachiwiri.

Mayi anaima pakhomo kanthawi. Kenako anayandikira n'kumukonza mwana wawo kolala ya yunifolomu.