Majekete a Ana a pa Kansenga

Pa chilumba cha Kansenga, munthu akafuna kupereka chitsanzo cha khomo labwino ankatchula kwa Bashi Lombe, kutanthauza bambo a Lombe. Bamboyo anali wosoka maukonde, ndiponso ndiye ankayambitsa nyimbo kutchalitchi. Mkazi wake, Bana Lombe, anali mayi wopatsa, moti mwana wa mwini akadutsa pakhomopo ankachoka akutafuna chinangwa chowotcha ndi mtedza. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Lombe, ndipo anamulera ndi pemphero la m'mawa komanso ntchito ya manja. Sukulu yokha ndi imene inamukana. Atalephera kachiwiri mayeso a giredi naini, anabwerera pakhomo mutu uli pansi n'kuyamba kusoka maukonde pambali pa bambo ake.

Chaka chimenecho n'kuti gulu la pachilumbapo lotchedwa Twafwane litangogula boti. Sukulu ya pa Kansenga inkalekezera giredi seveni, ndipo ofuna kupitiriza ankayenera kuwoloka nyanja kupita ku chilumba cha Chilubi pa mabwato opalasa. Ambiri ankagwa mphwayi: anyamata n'kulowa usodzi, atsikana n'kukwatiwa adakali anthete. Bana Mpundu, mayi wamasiye amene ankalera zidzukulu zake, anati zimenezi zatikwana. Anasonkhanitsa amayi anzake, ndipo kwa zaka zinayi ankayanika chinangwa ndi tinsomba totchedwa chisense n'kumakagulitsa ku tawuni ya Samfya. Abambo anawotcha njerwa. Ana a pachilumbapo ogwira ntchito kumigodi anatumiza injini, ndipo akhristu a kuparishi anapereka majekete oyandamitsa makumi awiri, lililonse lolembedwa dzina la gulu kumsana.

Chinatsala ndi woyendetsa. Ena ankafuna munthu wachikulire, koma Bana Mpundu anaumirira pa Lombe. Anati gululo analiyambitsira ana, ndipo amene sukulu yamukana nayenso ndi mwana. Anamutumiza ku Samfya kukaphunzira za injini, ndipo atabwerako anamupatsa makiyi a boti ndi a bokosi la majekete.

Tsiku lomwelo bambo ake anamukhazika pansi.

"Mwana wanga, usaone ngati akupatsa boti. Akupatsa ana a eni. Ukamanyamuka padoko uzikumbukira kuti mwana aliyense wasiya mayi wake akuyang'ana kunyanja."

"Ndamva, batata," anayankha Lombe, poti kumeneko bambo amati batata.

Miyezi yoyamba anamvadi. Lolemba m'mawa ankawolotsa ana khumi ndi asanu ndi awiri, Lachisanu masana n'kukawatenga. Wopanda jekete sankaponda m'botimo. Chigubu cha petulo wapadera, wosungira tsiku la mavuto, chinkakhala chodzaza pansi pa mpando wake, ndipo amayi a komiti ankachinyamula Lolemba lililonse kuti amve kulemera kwake.

Padokopo panali chisakasa cha Kaoma, wogula nsomba wochokera ku Samfya. Anali munthu wa pakamwa potsekemera, wa wotchi yonyezimira, ndipo kuseri kwa matumba a nsomba zouma ankagulitsako kachasu wotchedwa lutuku. Pakati pa sabata, boti likangokhala, Lombe ankapita kumeneko kukatchajitsa foni.

"Ba Kaputeni afika, apatseni mpando," ankatero Kaoma. "Koma kaputeni wake wa mapatapata oduka. Amayi a gulu aja amakupatsa chiyani, mune mnzanga?"

Lombe anati amamupatsa kangachepe ka sopo ndi ufa.

"N'kuika 'Mulungu akudalitse' pamwamba," anaseka Kaoma. "Upite naye ku Samfya 'Mulungu akudalitse' wakoyo, ukaone ngati angakugulitse nsapato. Talawa apa, pakhosi pafewe."

Tsiku loyamba anakana. Lachiwiri analawa n'kutsokomola, anthu a m'chisakasamo n'kumuseka. Pofika mwezi wa Ogasiti sankatsokomolanso.

Mowa wopatsidwa suchedwa kutha. Tsiku lina Kaoma anabisa botolo kumbuyo n'kunena kuti iye safuna zambiri, amangomvera chisoni chigubu chimene Lombe amachikhalira chija, chongotukuta osatsegulidwa. Lombe anati amayi amachiyesa sabata iliyonse.

"Amachinyamula kapena amachinunkhiza?" anafunsa Kaoma. "Madzi a m'nyanja salemera?"

Lombe anaseka kuseka kwa mantha. Koma Lolemba lotsatira mayi wa komiti ananyamula chigubu chija, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino, ndipo mtima wa Lombe unakhala pansi. Anaphunzira tsiku limenelo kuti anthu okukhulupirira savuta kuwanamiza.

Mu Sepitembala Bana Mpundu anapita ku Mansa kukachitidwa opaleshoni ya diso, ndipo anakakhala kwa mwana wake milungu ingapo. Kaoma sanachedwe. Anati asodzi a kumisasa ya kutali, kumadambo, akufunitsitsa majekete.

"Ana akowo alipo khumi ndi asanu ndi awiri, majekete makumi awiri. Atatu otsalawo akuvala ndani, nsomba?"

Atatu anapita, dzina la gulu atalipala ndi mpeni. Lombe anavala nsapato zoyera. Anapita ena anayi, anagula foni yatsopano. Enawo sankakumbukiranso kuti anapita bwanji, chifukwa anathera m'botolo.

Kutentha kwa Okutobala kunamuthandiza kubisa. Nyanja inali chete ngati mphasa yoyala, ndipo Lombe anauza ana kuti kunja kwatentha, majekete akhale m'bokosi. Ambiri anakondwa, poti majeketewo ankawatulutsa thukuta. Amene sanakondwe anali Mwaba, mdzukulu wa Bana Mpundu, mtsikana wa giredi naini wosaopa kulankhula. Anati lamulo la gulu silinena za kutentha, ndipo agogo ake akabwera adzawauza.

"Agogo akowo ndi amene amayendetsa boti lino?" anamukalipira Lombe. "Khala pansi, kapena utsale."

Mwaba anakhala pansi, koma ulendo wonse maso ake anali pa bokosi lija.

Kunyumba nakonso anali atayamba kuona. Bana Lombe ankamva fungo pa malaya ake akamachapa, ndipo atamufunsa za nsapato anayankha kuti ndi mphatso. Anamuchenjeza kuti mphatso ya Kaoma ili ngati nyambo, mkati mwake mumakhala mbedza, koma mwanayo anangotuluka osamaliza kudya.

Lolemba la sabata yomaliza mayeso, Bashi Lombe anamudikira padoko pobwera ku Chilubi. Anali atamva kwa msodzi wina kuti kumadambo kwaoneka majekete ofanana ndi a Twafwane.

"Tsegula bokosi."

Lombe anati kiyi waiwala ku Chilubi.

"Ndiyang'ane kumaso. Kiyi ndi ameneyo ali m'khosi mwakoyo."

Lombe anali atalawa kale, ndipo mowa ndi umene unayankha.

"Batata, inu mwayimba m'tchalitchi zaka makumi atatu. Mwapezamo chiyani? Singano yosokera ukonde. Ine sindikufuna kufa ndi mapazi ong'aluka ngati inu."

Bamboyo anayang'ana kiyi uja m'khosi mwa mwana wake. Akanatha kumulanda kiyiyo pomwepo, anthu akuona, koma anaopa kuchititsa manyazi mwana wake mmodzi yekhayo. Anangoti akumupatsa mpaka Lachisanu madzulo kuti akadziulule yekha kwa amayi a komiti, apo ayi Loweruka bamboyo apita yekha kukawauza.

Lachisanu Lombe anadzera kwa Kaoma kuti apeze mtima wolankhulira ndi amayi aja. Anamwa kapu imodzi, kenako ina. Ananyamuka mochedwa, petulo wa muthanki osamuyang'ana n'komwe.

Pofika ku Chilubi mitambo inali itada kummawa. Nkhalamba zosoka maukonde padokopo zinamuuza kuti mvula yoyamba sibwera yokha, agone komweko ndi anawo, awoloke mawa. Lombe anaziseka. Anati injini yake imathamanga kuposa mitambo. Ana nawonso, mayeso atatha, mitima inali kale kwawo. Anakwera akuyimba, mabuku ndi zofunda atamanga m'zitenje.

Mphepo inawapeza pakati penipeni, pomwe Chilubi saonekanso bwino ndipo Kansenga ali ngati kamzere. Nyimbo inatha. Mafunde ankamenya kutsogolo kwa boti n'kumwazikira pa ana, ndipo injini inkalira kwambiri koma osapita patali. Lombe anayang'ana thanki, mowa wonse unamuchoka nthawi yomweyo. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Anakoka chingwe. Anakokanso. Boti linayamba kutembenuka, kupereka nthiti kumafunde.

Mwaba anakwawa pakati pa anzake, n'kusolola chigubu pansi pa mpando.

"Thirani uyu, ba Lombe, fulumirani."

"Chisiye."

Mtsikanayo anachitsegula yekha, n'kuika mphuno. Anamuyang'ana Lombe, madzi a mvula akutsika kumaso kwake.

"Ba Lombe, awa ndi madzi."

Ana aang'ono anayamba kulira, akuitana amayi awo. Ena ankakuwa kuti majekete, majekete. Lombe anavula kiyi m'khosi, ndipo bokosi litatseguka onse anaona: munali majekete asanu ndi limodzi.

Panalibe nthawi yomufunsa. Mwaba anawatola n'kuyamba kuveka aang'ono, a giredi eyiti, akuwamanga zingwe mmodzimmodzi n'kumawauza kuti asasiye boti zivute zitani. Anyamata ankakapa madzi ndi mbale zawo zodyera. Lombe anagwira nkhafi imodzi imene inalimo kuti awongole boti, koma nkhafi imodzi singalimbane ndi namondwe. Funde lina linadzaza boti mpaka m'mawondo. Lotsatira linaligadabuza.

Lombe anali katswiri wosambira. Anagwira mwana mmodzi pa malaya n'kumukankhira pa mimba ya boti, anabwerera n'kugwira wina, kenako wina. Ankawerenga mitu, funde n'kumusokoneza, n'kuyambiranso.

Mwayi unali wakuti asodzi ena, pothawa mphepo yomweyo, ankadutsa chapafupi ndi mabwato atatu a matabwa. Anamva kukuwa n'kukhotera komweko. Anavuula ana mmodzimmodzi, ena atamwa madzi, ena atauma manja pogwira boti. Amene anakoka Lombe anali bambo wa ndevu, ndipo atatembenuka kuti apalase, Lombe anaona kumsana kwa jekete lake zilembo zopalidwa ndi mpeni koma zowerengeka ndithu: Twafwane.

Pagombe chilumba chonse chinali chitaima pamvula. Mayi aliyense ankathamangira wake. Atawerenga anapezeka khumi ndi asanu ndi mmodzi. Anawerenganso, akuitana mayina. Dzina la Mwaba silinayankhidwe.

Mtembo wake anaupeza tsiku lachitatu m'gumbwa, chakumpoto kwa chilumba. Kaoma n'kuti atathawa kale, chisakasa atachisiya chosatseka.

Lombe anabisala m'munda wa chinangwa wa bambo ake, osadya, akumva kulira kwa maliro kuchokera kumudzi. Kawiri konse anatsikira kumadzi ndi maganizo oipa, n'kubwerera. M'mawa wa tsiku loika maliro, Bashi Lombe anamupeza atakhala pansi, nsapato zoyera zija zili matope okhaokha.

"Dzuka," anatero. "Ine ndinadziwa Lolemba, ndinakhala chete kuti ndisunge dzina lako. Mlandu umenewo ndidzapita nawo kumanda. Wako ukausenze wekha, anthu akuona."

Anamugwira dzanja ngati kamwana mpaka pa siwa. Bana Mpundu anali atafika dzulo lake, diso limodzi lili chimangire. Anyamata ena anatola nkhafi kuti amumenye, koma mayiyo anakweza dzanja, iwo n'kubwerera m'mbuyo. Lombe anagwada. Ananena zonse, kuyambira kapu yoyamba, chigubu cha madzi, majekete, mawu amene anayankha Mwaba ndi amene ananyoza nawo bambo ake. Sanamunamizire Kaoma chimene anachita yekha.

Bana Mpundu anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Sindikunamiza kuti ndakukhululukira lero," anatero ndi mawu otsika. "Ndipempha Mulungu andithandize, mwina tsiku lina. Koma apolisi akafika, ukanene zimene wanena panozi, osachotsapo ngakhale liwu limodzi. Ndiye undiuze, Lombe: ana amene apulumukawa akandifunsa kuti adzapitanso bwanji kusukulu, ndiwayankhe kuti chiyani?"

Lombe anangogwetsa nkhope m'dothi n'kulira.

Khoti linamulamula kukakhala kundende zaka zisanu ndi ziwiri. Injini inamira, ndipo boti analikokera kumtunda, kumene linakhala mvula ziwiri likumera udzu. Makolo ambiri anakana kuti ana awo awolokenso nyanja. Mwa ana amene anapulumuka tsiku lija, asanu ndi anayi sanabwererenso m'kalasi. Amayi a Twafwane anayambiranso kuyanika chinangwa, koma manja anali ochepa, poti ena anati sangavutikirenso zinthu zoti mwana wa mnzawo akamwere.

Kundendeko Lombe anasiya mowa, ndipo analemba kalata yopepesa imene anaiwerenga m'tchalitchi Lamulungu lina. Anthu anaimva, ena analira. Mulungu amalandira wolapa, zimenezo n'zoona. Koma kulapa sikunamudzutse Mwaba, ndipo sikunabweze zaka za ana aja.

Wachinyamata iwe amene anthu akukhulupirira n'kukusungitsa chinthu, imva bwino. Chimene mudzi wasonkhera kuti chithandize ana si chako, ngakhale kiyi wake ali m'khosi mwako. Mnzako wokupatsa mowa waulere ali ndi chimene akufuna, ndipo tsiku la tsoka sudzamuona. Usadzinamize kuti watengako pang'ono ndipo palibe adziwe. Kuba kumayamba ndi zimene ukuti n'zotsala, koma amene amalipira ndi munthu wosalakwa. Makolo akakudzudzula, bwerera tsiku lomwelo, boti lisananyamuke.