Mfuti Yokana Kugona ndi Chipolopolo

Lolemba m'mawa, Shadreck Ngoma atangovala chisoti chake cholimba cha ku ntchito, kanthu kena kanamugogoda pamutu, n'kutsetsereka pakhosi, n'kugwera pasimenti. Chinali chipolopolo chofiira. Anachiyang'ana chikugubuduzika mpaka chinaima pa mwendo wa tebulo. Kenaka anagwada, n'kukoka mfuti yake pansi pa bedi, n'kuithyola pakati monga ithyoledwera mfuti ya mbalame. M'kati munalibe kanthu, kuwala kwa pazenera kunkachita kuonekera mbali inayo.

Koma chipolopolocho anachiikamo yekha asanagone, monga ankachitira usiku uliwonse.

Mfutiyo inali ya bambo ake, malemu Yotamu, amene anachoka ku Petauke ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji ku Kafue. Sanasiye nyumba kapena munda. Anasiya mfutiyo, pepala lake la boma, ndi malamulo awiri. Loyamba linali lakuti mfuti sigona ndi njala: ukaigoneka yopanda chipolopolo m'mimba, imakwiya n'kuyamba kukana nyama. Lachiwiri linali lakuti mkazi woyamwitsa saikhudza, chifukwa imazizira. Mlungu wonse Shadreck ankasoka matumba ku fakitale, koma Loweruka akainyamula kupita ku madambo a mtsinje kukasaka nkhanga ndi atsekwe, ankamva ngati bambo akewo akuyenda pambali pake, akutsokomola pang'onopang'ono.

Mkazi wake Miriam anali panja, akukazinga vitumbuwa vogulitsa, mwana wawo Lilly ali kumbuyo.

"Bamake Lilly, pali wamene anangena muno usiku?"

"Angene bwanji, si ndimwe munakiya chitseko?"

"Nanga ichi chafika bwanji mu chisoti changa?"

Miriam sanatembenuke n'komwe. "Ine nizibe bwanji va mfuti? Si munakamba kuti nikaiyang'ana chabe izazizila?"

Madzulo poweruka, Shadreck anadzera kumsika, kumene mnzake Humphrey ankawotcherera zitsulo. Humphrey ankagwira ntchito ataimirira, kudya ataimirira, ngakhale mu minibasi ankakhalira mbali imodzi. Miyezi iwiri yapitayo awiriwo anali mu bwato, mfuti ya Shadreck itagona pansi ili ndi chipolopolo. Bwato litagunda chitsa m'bango, mfuti inatsetsereka n'kulira yokha, ndipo tizitsulo tisanu ndi tiwiri tinalowa m'thako la Humphrey. Anachira, koma kuyambira pamenepo sankaphonya maphunziro a alenje amene a Fanwell, munthu amene anakalambira pa ntchito yolondera nyama za m'thengo, ankaphunzitsa Loweruka lililonse m'kalasi ya sukulu ina.

Atamva nkhaniyo, Humphrey anaseka mpaka anagwira pa bala.

"Mune, munzanga, chamene chikuchotsela chipolopolo chili na nzelu kuchila iwe. Ukachiona uchipatse moni wanga. Uchiuze kuti chinachedwa na myezi ibili."

"Usaseke, iwe. Ni nkhani ikulu."

"Bwela ku ba Fanwell pa Chibelu. Lamulo loyamba: mfuti mu nyumba, mu bwato, mu motoka, ikhale yotsegula, ilibe kanthu."

"Ba Fanwell bazanipunzisa chani chamene batata sibananipunzise?"

"Kusunga matako ya banzako."

Usiku umenewo magetsi anazima anthu asanadye. Shadreck anaikamo chipolopolo atayatsa tochi ya foni, n'kuyang'ana kawiri, n'kukankhira mfutiyo kukhoma. Anatsimikiza mtima kuti sagona, koma thupi losoka matumba tsiku lonse silimva malamulo. Anadzidzimuka pakati pa usiku. Mdima unali wa ndiweyani, woti ngakhale dzanja lako sungalione. Achule ankalira ku ngalande, ndipo kutali sitima ya katundu inkakoka mabogi ake mwaulesi kulowera kumlatho. Phokoso la sitimalo litayamba kuzilala, anamva kanthu kakukhwekhwereza pansi pa bedi, pang'onopang'ono, ngati kakuopa kumudzutsa. Kenaka panamveka kaphokoso kachitsulo kamene iye ankakadziwa kuposa mawu a mwana wake: khwa.

Fungo la mafuta opaka mfuti linakwera mpaka m'mphuno mwake, fungo lomwelo limene linkamveka m'manja mwa bambo ake. Anakoka bulangete mpaka kumaso.

"Bamake Lilly," ananong'ona. "Mwamvela?"

"Ni makoswe. Gonani."

"Makoswe yamene yaziba kutsegula mfuti?"

"Ya kuno ku Shikoswe yaziba vambili."

Kutacha, chipolopolo chinali chitaimirira pamwamba pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha malemu Yotamu.

Pofika Lachitatu nkhani inali itazungulira mzere wonse wa nyumba. Amayi ena a pa mpope ankati anaona munthu wamtali wovala jasi la anthu a njanji ataima pa ngodya ya nyumba ya Shadreck, akuyang'ana padenga. Ena ankati galu wa nyumba yoyandikana nayo wasiya kudya, ngakhale mwini wake ankati galuyo anaba mafuta a vitumbuwa. Achinyamata a ku tchalitchi anabwera ndi gitala n'kupemphera mpaka mawu anawathera, ndipo anachoka atadya vitumbuwa vonse va mawa lake. Usiku womwewo Shadreck anamangirira masipuni atatu ku mfutiyo ndi ulusi wosokera matumba. Palibe sipuni imene inalira. M'mawa anapeza masipuni onse atatsukidwa, ali m'malo mwake, ndipo chipolopolo chinali pamwamba pa khomo.

Masana a Lachinayi amalume ake, a Daliso, anaimba foni kuchokera ku Shimabala. Sanachedwe ndi malonje.

"Mfuti iyo inalawa magazi ya munthu. Mwine wake Yotamu aifuna. Pa Sondo nibwela, tikaiponye pakati pa mtsinje, nkhani isile."

"Malume, ni chinthu chimozi chabe chamene batata banansiyila."

"Ngati ni munthu achita ivi, umugwile Sondo ikalibe kufika. Ngati si munthu, iyenda mu manzi."

Madzulo Shadreck anafika kunyumba. Anakhala pansi m'chipinda, n'kumuika Lilly pamiyendo. Mwanayo anali atangophunzira kukwawa, ndipo ankathamanga ngati nkhanu, malovu ali chuchuchu. Anatsika pamiyendo ya bambo ake, n'kulowa pansi pa bedi mpaka kunangotsala timapazi. Shadreck anamukoka mwendo akuseka, n'kumupukuta fumbi pamphuno.

"Mayo wanga, naiwe ufuna kugwila chipuku, mzukwa wa muno mu nyumba?"

Miriam anali ataima pakhomo la chipinda, mbale ili m'manja. Iye sanaseke.

Usiku umenewo Shadreck anasintha nzeru. Anatenga mfuti, n'kuithyola, n'kuikamo chipolopolo, n'kuitseka, n'kukoka kachitsulo kakumbuyo kuti ikhale yokonzeka. Anakhala pampando wa pabalaza, mfuti itapingasa pamiyendo.

"Lelo nizachiona na menso."

"Bashi Lilly, bwelani mugone. Muzazichita ngozi."

"Sinizagona olo pang'ono."

Magetsi anali atazima kale. Anamva mawailesi a m'nyumba zina akuzima imodziimodzi, kenaka mapazi a oledzera omaliza, kenaka chete. Malata ankalira okha pozizira. Udzudzu unkaimba m'khutu mwake. Anayamba kuganiza zimene akanene ngati alidi bambo ake: awapatse moni kodi, kapena apepese kaye za Humphrey? Ali m'kati moganiza choncho, mutu unayamba kulemera.

Chimene chinamudzutsa chinali kuzizira pa dzanja. Zala za munthu zinkachotsa zala zake pa mfuti, chimodzichimodzi, mofatsa kwambiri. Mpweya wofunda unkamugunda pakhutu. Thupi lonse linadumpha lokha, dzanja linafinya, ndipo chala chinakoka kachitsulo kowombera.

Tha.

Kaphokoso kouma, kakang'ono, kopanda moto.

Tochi inayaka. Anali Miriam, atagwada pambali pa mpando, nsalu ili m'chifuwa. Onse awiri sanayang'anane. Maso awo anatsatira mpope wa mfutiyo kumene unaloza: pa katani ya khomo la kuchipinda, pansi pang'ono, pamene panali matiresi a Lilly. Kuseri kwa kataniyo mwanayo anayasamula, n'kuyamwa chala, n'kupitiriza kugona.

Shadreck anaika mfuti pansi ngati ikuotcha. Anakwawa mpaka pa matiresi, n'kuika khutu pa kamsana ka mwanayo, n'kumvetsera kupuma kwake nthawi yaitali.

"Ndimwe," anatero pomaliza. "Masiku yonse aya, ndimwe."

"Ndine."

"Munaigwila na manja?"

"Na yabili. Yazizila?"

"Nanga kutsegula munapunzila kuti?"

"Muganiza vitumbuwa va pa Chibelu nigulitsila kuti? Pa zenela ya kalasi ya ba Fanwell. Namvela vonse, kanayi. Ba Humphrey bakali kulephela mafunso yamene ine niyankha mu mtima." Anapukuta maso ndi nsalu. "Ninakuuzani mwana atayamba kukwawa, munati va mfuti si va bakazi. Manje nikanachita bwanji? Va chipuku munayamba mweka. Ine ninaona kuti batata banu mubamvela kuchila ine, ninangokhala zii."

"Na masipuni?"

"Yanali yakuda. Ninasuka."

Shadreck anayamba kuseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi, atatseka pakamwa kuti asadzutse mwana. Anamugwira mkazi wake dzanja.

"Mulungu akudalitseni, bamake Lilly. Mukanachedwa kuchotsa lelo..."

Miriam anamuyang'ana modabwa. "Lelo sininachotse."

"Musaseke."

"Nenze nikalibe kufika. Si mwaona mweka, nenze nikali kuchotsa vala vanu? Ningatsegule bwanji mfuti ili mu manja mwanu?"

Anabwerera pabalaza onse awiri, tochi ili patsogolo. Shadreck anathyola mfutiyo, kukamwa kwake kutaloza pansi. Munalibe kanthu. Anafufuza pansi pa mpando, pansi pa tebulo, pamwamba pa kabati. Anawerenga zipolopolo za m'kabokosi, ndipo chimodzi chinkasowa. Atawerama kuti ayang'anenso pansi, anamva kanthu kolimba kakumukanikiza pachifuwa. Chinali m'thumba la shati lake, batani litamangidwa bwinobwino.

Sanagonenso. Anakhala pa matiresi mpaka kunja kunayera, mwana ali pakati pawo.

Humphrey atamva, anati nkhaniyo ndi yapafupi: munthu wamantha amaiwala, Shadreck anangoganiza kuti waikamo pamene anachiponya m'thumba. Shadreck anayankha kuti batani limenelo sanalimangepo chigulire shatiyo, chifukwa kabowo kake n'kothina. Loweruka anakangana mpaka pa khomo la kalasi ya a Fanwell, pamene Shadreck analowa n'kukhala pa benchi yakutsogolo, mawondo akugunda desiki ya ana. A Fanwell atamufunsa chimene chamubweretsa, anaimirira n'kufotokoza zonse, kuyambira za mu bwato mpaka za katani, osabisa kanthu. Palibe amene anaseka, kupatula pa nkhani ya masipuni.

Lamlungu a Daliso anafika atavala nsapato za mphira, okonzeka kukwera bwato. Anapeza mfuti ili yothyola, yokulungidwa m'nsalu, itakiyidwa m'bokosi lachitsulo limene Humphrey anawotcherera usiku wonse ataimirira. Zipolopolo zinali kwina, m'chitini chokhala ndi loko wake, ndipo kiyi wa chitinicho anali pa chingwe m'khosi mwa Miriam.

"Munthu tamugwila, malume," anatero Shadreck. "Ni uyu. Mfuti siyenda mu manzi."

A Daliso anayang'ana kiyiyo, n'kuyang'ana mwana amene ankayamwa pafupi naye, n'kupukusa mutu. "Yotamu akanaona ivi, akanakamba chani?"

Shadreck anangokhudza thumba la shati lake.

Amalume atapita, anamupeza Miriam kuseri kwa nyumba akuyanika matewera. Anaima pafupi naye, n'kutsitsa mawu ngakhale dzuwa linali pamutu.

"Bamake Lilly, manje vasila, sinizakalipa. Nikambileni chabe zoona. Pa Chinayi paja..."

Miriam anafinya thewera, n'kuliyanika, n'kumuyang'ana m'maso.

"Bashi Lilly, nenze nikalibe kufika."