Kadontho ka Nambala 41

Madzulo amenewo anzake onse anali ataweruka. Mu ofesi ya kafukufuku munatsala mayi wa ziwerengero yekha, akukonza galafu ya lipoti la mankhwala atsopano a kuthamanga kwa magazi. Lipotilo linkafunika m'mawa mwake.

Pa galafupo kadontho kalikonse kankaimira wodwala mmodzi. Timadontho tonseto tinkatsata mzere bwinobwino, kupatula kamodzi kamene kanagwera pansi, patali ndi tinzake.

"Kachotseni ako," bwana anali atanena masana. "Makina oyezera odwala analakwitsa. Musatiyalutse pamaso pa eni mankhwala."

Mayiyo anakachotsa. Kenako anaika timivi ndi timawu tofotokozera, monga ankachitira nthawi zonse mu pulogalamu yojambulira magalafu, n'kupita kukawiritsa madzi a tiyi.

Pobwera anapeza kadontho kaja kali pomwepo.

"Kaya ndinaiwala kusunga," anadzilankhulira. Anakachotsanso, nasunga kawiri.

Asanachotse dzanja pa mausi ya kompyuta, kanatulukanso. Ulendo uno kamuvi kofiira kanali kukaloza. Iye sankagwiritsa ntchito zofiira. Anazula chingwe cha intaneti. Pambali pa muviwo kabokosi kolembamo mawu kanatseguka kokha, zilembo n'kumatuluka chimodzichimodzi, ngati wolembayo sanazolowere kompyuta.

"Nambala 41. Ndinamwa onse, mwana wanga."

Mayiyo anadzambatuka pampando.

Gogogo! pachitseko.

"Ndani?"

"Ndine mlonda, mayi. Amayi okalamba aja atuluka? Ndikufuna nditseke geti."

"Amayi ake ati?"

"Analowa ndi kabuku ka kuchipatala m'manja. Amati akufuna amene akuwafufuta."

Mayiyo anatsegula kabati ya mafayilo. Fayilo ya nambala 41 inali yopyapyala: mayi wa zaka 68, sanaphonyepo kumwa mankhwala, anamwalira sabata yachisanu. Makina sanalakwitse.

Anakhala pampando mpaka kunja kunayera, magetsi onse ali chiyakire. Kadonthoko sanakakhudzenso. Anangosintha mawu a m'kabokosi aja, n'kulemba kuti: "Wodwalayu anamwalira."

Bwana ataona lipotilo anakalipa, nati akonza okha. Madzulo a tsikulo anadzitsekera mu ofesi yawo.

Lipoti linatumizidwa mmene mayi wa ziwerengero uja analisiyira. Okolopa mu ofesimo amanong'onezana kuti m'bandakucha anawapeza bwanawo ali chiimire pakhonde, opanda nsapato, laputopu yawo ili m'ndowa ya madzi. Atawafunsa chomwe chachitika, anangoti, "Atuluka?"